Kusankha ndi Kuumitsa Mtengo wa Ndodo ya Pool

Nkhani ya lero ikuchokera ku chigwa cha Phalombe, m'dera la Mfumu Kaduya, ndipo mwini wake weni-weni ndi mmisiri wa matabwa amene wangoyamba kumene ntchito. Komabe eni minda ya mitengo, ocheka matabwa ndi onse okonda maseŵera apezamo gawo lawo.

Munthu akafika pa misika ya m'boma la Phalombe, monga pa Migowi kapena pa Chiringa, dzuŵa litapendeka, amamva phokoso limene makolo a kuderalo sankalidziŵa. Ndilo phokoso la timipira tolimba togundana pa tebulo loyalidwa nsalu yobiriŵira. Bawo akadalipo pansi pa mtengo wa mango, koma pakhonde la sitolo anyamata azinga tebulo la pool, ndipo mwini tebulolo amalandira kangachepe pa maseŵera alionse. Kwa mabanja ena, ndalama imeneyi ndiyo ya mchere, ya sopo ndi ya makope a ana a sukulu.

Tebulo likasamalidwa limatha zaka zambiri, koma ndodo yoseŵerera sikhalitsa. Ina imathothoka kansonga, ina imang'aluka, ndipo zambiri zimangopindika pang'ono-pang'ono kufikira woseŵera aloza kum'maŵa, mpira n'kuloŵera kumpoto. Zikatero mwini tebulo amatumiza ndalama ku Limbe kapena ku Blantyre kuti akamgulire ina, yochokera kunja kwa dziko lino. Apa ndi pamene mmisiri wachinyamata amadzifunsa kuti: kodi boma limene lili patsinde pa phiri la Mulanje, kumene anthu akhala akucheka matabwa kwa zaka zoposa 100, lingalephere kusema ndodo yowongoka?

Funsoli n'labwino ndithu, koma m'kati mwake muli msampha. Mmisiri wopupuluma amagula thabwa la bulugamu pa msika, nalicheka, nalipala ndi puleni, nalikwecha ndi sandipepa, ndipo pomatha masiku atatu ali ndi ndodo yowongoka ngati muvi. Amaigulitsa m'mwezi wa Okutobala, wogula n'kupita akusekerera. Mvula imayamba, ndipo pofika Febuluwale ndodo ija yasanduka uta. Wogula amaibweza, ndalama n'kubwerera, ndipo mbiri imawanda pa msika ponse kuti ndodo za kwa uje n'zokhota. Dzanja la mmisiriyo silinalakwe, ndiponso puleni yake inali yakuthwa. Iye analakwa pa zinthu ziŵiri asanagwire n'komwe puleni, ndizo kusankha mtengo ndi kuumitsa.

KUMENE NDODOYI INACHOKERA

Maseŵera okankha timipira pa tebulo anayamba ku Ulaya zaka zoposa 500 zapitazo. Poyamba anthu ankakankha mpira ndi ndodo yokhala ndi mutu waukulu, yonga chibonga. Mpira ukayandikira m'mphepete mwa tebulo, mutuwo sunkakwanapo, motero woseŵera ankatembenuza ndodo n'kumenya ndi kumchira kwake. M'Chifalansa mchira amati queue, ndipo m'menemo ndi m'mene munachokera dzina lakuti cue limene Angerezi amatchulira ndodoyi mpaka lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, msilikali wina wa ku France, François Mingaud, anatchuka poika kachikopa kunsonga kwa ndodo, ndipo kuyambira pamenepo woseŵera anatha kuzungulitsa mpira monga afunira. Maseŵera a snooker, amene ndi mbale wake wa pool, anayambitsidwa ndi asilikali a ku Britain ku Jabalpur, m'dziko la India, m'chaka cha 1875.

Luso la woseŵera litakula, ndodo nayo inafunika kukhala yosamalika. Ndodo ya masiku ano imatalika mainchesi 57 kapena 58, ndiko kunena masentimita pafupi-fupi 145 mpaka 147. Kulemera kwake kumayambira pa magalamu 480 kulekeza 600. Kogwirira kumanenepa mamilimita pafupi-fupi 30, koma kunsonga kumaonda kufika mamilimita 8 kapena 9 pa ndodo za ku England, ndi 12 kapena 13 pa ndodo za ku America, kumene mipira yake n'njokulirapo. Omvera aganizire bwino za miyeso imeneyi: mtengo wotalika kufika paphewa pa munthu wamkulu, koma kunsonga woonda ngati chala cha kanise. Mtengo wotere ulibe pobisira chilema. Thabwa la chitseko likapindika pang'ono, mahinjesi ndi felemu zimaligwira. Ndodo ilibe choigwira, ndipo ikakhota ndi mamilimita aŵiri okha, woseŵera waluso amadziŵa.

MITENGO YA KUNJA NDI YA KUNO

Amisiri a ku America amasema mbali yakutsogolo ya ndodo ndi mtengo wotchedwa maple, umene umamera ku Canada ndi kumpoto chakum'maŵa kwa United States. Ndiwo mtengo umene tsamba lake lili pa mbendera ya Canada kuyambira m'chaka cha 1965. Amisiri a ku England amakonda mtengo wotchedwa ash. Mitengo iŵiriyi inasankhidwa pa zifukwa zomveka. Mitsempha yake imayenda molunjika, ili ndi kulemera kwapakati-kati, pafupi-fupi makilogalamu 700 pa kiyubiki mita imodzi ikauma, ndipo ikapindidwa pang'ono imabwerera m'malo mwake msanga. Makampani ena akugulitsanso ndodo za carbon fibre zimene sizisamala za chinyezi, koma mtengo wake wogulira n'ngokwera kotero kuti mwini tebulo wa pa Migowi sangaulote.

Maple ndi ash sizimera m'chigwa cha Phalombe. Tsono mmisiri wa kwa Kaduya ayenera kuyang'ana makhalidwe omwewo m'mitengo imene ali nayo pafupi, ndipo mtengo uliwonse uli ndi ubwino wake ndi vuto lake.

Paini, amene amachokera ku Chikangawa, ku Zomba ndi kwina, n'ngotsika mtengo ndiponso n'ngosavuta kupala, koma n'ngofeŵa, ali ndi mfundo zambiri ndi utomoni. Malaina akauma sapindika kaŵiri-kaŵiri, koma nawonso n'ngopepuka ndi ofeŵa, kotero kuti ndodo ikangogunda m'mphepete mwa tebulo imatsala ndi chipsera. Mitengo iŵiriyi n'njoyenera kuphunzirirapo dzanja basi.

Mlombwa ndiwo mtengo wa kuno umene amisiri onse amaudziŵa kuti sufwamphuka ndiponso sufota kwambiri nyengo ikasintha. N'chifukwa chake zitseko ndi mipando ya mlombwa zimatha mibadwo. Umapepukirapo poyerekeza ndi maple, ndipo kaŵiri-kaŵiri mitsempha yake imayenda mokhota-khota, zimene zimakongoletsa tebulo koma zimawononga ndodo. Wofuna ndodo asankhe thabwa la mlombwa losakongola m'maso mwa wopanga mipando, lija la mizere yowongoka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Mbaŵa nayo imakhazikika bwino ikauma, koma n'njopepukirapo ndipo mitsempha yake imapingasana.

Muŵanga ndi mphingo n'zolemera kopambana. Mphingo umaposa makilogalamu 1,200 pa kiyubiki mita, ndipo ukaponyedwa m'madzi umamira. Amisiri a ku Ulaya amaugwiritsa ntchito popanga zitoliro zoimbira. Mitengo yolemera yotereyi malo ake ndi kogwirira, kumene imapatsa ndodo kulemera koyenera m'dzanja, ndipo tizidutswa totsala pa ntchito ina n'tokwanira.

Watsala bulugamu, amene wabzalidwa ponse-ponse m'midzi ya ku Phalombe, ndiponso m'minda ya tiyi ya ku Mulanje kumene amaumitsira tiyi ndi nkhuni zake. Bulugamu n'ngolimba, n'ngotalika ndipo m'maso amaoneka wowongoka. Koma ndi mtengo wokula mothamanga, ndipo m'kati mwake mumakhala kukokana kwa mphamvu ngati chingwe chomangidwa kolimba. Ocheka matabwa amadziŵa m'mene thabwa la bulugamu limapatukira lokha macheka asanafike kumapeto, ndi m'mene chipika chimang'alukira kumutu chitangogwa. Bulugamu wamng'ono, wa milimo ya denga, sangapereke ndodo. Wamkulu ndi wokalamba, wokula pamalo athyathyathya, angathe kupereka, malinga mmisiri akhale wodekha koposa.

Pali gwero lina limene woyamba kumene sayenera kulinyoza, ndilo matabwa akale. Felemu ya chitseko cha nyumba yogumuka, mwendo wa bedi lakale, benchi ya m'tchalitchi imene yachotsedwa, zonsezi zauma kwa zaka makumi angapo ndipo zapirira madzinja ambiri. Mlombwa wotere, ukakhala wosafumbwa ndi wopanda mabowo a misomali pamalo ofunika, umaposa thabwa lililonse latsopano. Ndodo zothyoka za pa matebulo nazo ndi sukulu: mmisiri akaicheka imodzi n'kuyang'anitsitsa, amaona ndi maso ake m'mene mitsempha ya maple kapena ash imayendera.

KUSANKHA MTENGO UKADALI CHIIMIRE

Akulu-akulu amati kuwongola mtengo m'poyamba. Kwa wosema ndodo, poyamba pake ndi m'munda wa mitengo, nkhwangwa isanagwire ntchito. Mtengo womera pamtsetse wa phiri, kapena wopendekera mbali imodzi chifukwa cha mphepo, umapanga mnofu wapadera kumbali imodzi kuti udzichirikize. Mnofu umenewo ukamauma umafupika m'litali kuposa mnofu wa mbali inayo, ndipo ndodo imapindika ngakhale itasemedwa mwaluso chotani. Nthambi zonse zili ndi vuto lomweli. Motero ndodo imachokera ku thunthu lokha, la mtengo woima chilili, chigawo cha pakati pa tsinde ndi nthambi yoyamba.

Khungwa nalo limaulula za m'kati. Ngati ming'alu ya khungwa ikukwera mozungulira thunthu ngati chingwe chopota, ndiye kuti mitsempha ya m'kati nayo n'njopota, ndipo mtengowo ungosiyidwa. Potupa paliponse pa khungwa ndi chizindikiro cha mfundo yobisika.

Nyengo yabwino yodula ndi ya chisanu, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mvula imakhala itatha, motero nkhungu siidetsa mtengo, komanso dzuŵa silinafike poŵaula. Mtengo wodulidwa m'mwezi wa Okutobala umauma kunja mofulumira m'kati mukadali madzi, ndipo umang'aluka.

Chipika chidulidwe chotalika masentimita 160 kapena kuposerapo, kuti kumapeto kukang'aluka padzakhale podula. Pamenepo pakubwera mfundo imene amisiri ambiri amaiphonya. Macheka amatsata chingwe cha mmisiri, osati mitsempha ya mtengo, kotero thabwa likhoza kuoneka lowongoka pamene mitsempha yake ikutulukira m'mbali. Koma chipika chikaŵazidwa ndi nkhwangwa ndi zikhomo, chimang'ambika motsata mitsempha yake. Makolo osema mipini ndi mithiko ankadziŵa zimenezi. Chibenthu chimene chatuluka chowongoka poŵaza ndiye kuti n'chowongoka m'chibadwa chake, ndipo chimene chatuluka chopota chadziulula chokha mmisiri asanatayepo thukuta.

Pa chibenthu chilichonse achotsepo mbali ziŵiri. Yoyamba ndi kamtima ka pakati peni-peni pa thunthu pamodzi ndi mnofu woyandikana nako, pakuti umenewo ndi mnofu wa paubwana wa mtengo ndipo sukhazikika. Yachiŵiri ndi mnofu woyera wa pansi pa khungwa, umene pa mitengo ya kuno monga mlombwa ndiwo chakudya cha tizilombo tofumbwitsa matabwa. Chotsalacho achiseme kuti chikhale cha mbali zinayi, mbali iliyonse mamilimita 38 kapena 40.

Wogula thabwa locheka kale ayang'ane kumutu kwake ndi m'mbali mwake. Atsate mzere umodzi ndi chala kuchokera kumapeto. Ngati mzerewo watulukira m'mbali usanafike pakati, thabwalo n'la shelefu.

MADZI A MU MTENGO

Mtengo wauŵisi uli ndi madzi ambiri, ndipo pa mitengo ina madziwo amafika theka la kulemera kwake konse. Madziŵa ali paŵiri. Ena amangokhala m'timibowo ta mtengo monga madzi a mu mtsuko, ndipo akamatuluka mtengo susintha msinkhu. Ena aloŵerera mu mnofu weni-weniwo. Chinyezi chikatsika kufika pafupi-fupi magawo 30 pa 100 alionse, madzi a mu mnofu amayamba kutuluka, ndipo m'pamene mtengo umayamba kufota. Koma sufota mofanana mbali zonse. Motsata mizere yozungulira ija umafota pafupi-fupi kaŵiri kuposa kuchokera pakati kunka kukhungwa, pamene m'litali sufota kweni-kweni. Kusiyana kumeneku ndiko kumabala kupindika, kupotoka ndi kung'aluka.

Chinanso n'chakuti mtengo, ngakhale wouma, umapumabe. Mpweya ukakhala wa chinyezi umamwa, ukakhala wouma umalavula. M'nyengo ya mvula thabwa losungidwa m'nyumba likhoza kukhala ndi chinyezi cha magawo 15 kapena 16 pa 100, pamene m'chilimwe chimatsika kufika pansi pa magawo 10. Ichi n'chifukwa chake chitseko chimene chimatsekeka bwino mu Okutobala chimakana kutsekeka mu Febuluwale. Ndodo zochokera kunja nazo zimapindika kuno pa chifukwa chomwecho, pakuti mitengo yake inaumitsidwa m'ng'anjo kuti igwirizane ndi mpweya wa maiko ena.

Chigwa cha Phalombe chili ndi khalidwe lake-lake. Chili kuseri kwa phiri la Mulanje, motero sichilandira mvula yochuluka ngati mbali ya minda ya tiyi, ndipo chiperoni, mvula yamawawa ija yotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique, imafikako yochepa mphamvu. Kuuma kwa matabwa kumeneko sikuvuta. Choopsa n'chakuti amauma mothamanga kwambiri m'miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala. Ntchito ya mmisiri wa kwa Kaduya tsono ndi kuchedwetsa kuumako.

Njira yake ndi iyi. Tsiku lomwelo limene zibenthu zasemedwa, mitu yake yonse iŵiri imatidwe ndi phula la njuchi, kandulo wosungunula kapena penti wamafuta wotsala, pakuti madzi amatulukira kumutu mofulumira koposa m'mbali, ndipo kung'aluka kumayambira komweko. Kenaka zibenthuzo zisanjidwe pamthunzi, m'chisakasa chopita mphepo, pathandala lokwera kufika m'mawondo kuti chiswe ndi chinyontho cha pansi zisafikepo. Thandalalo likhale lathyathyathya ndithu, chifukwa mtengo umauma motsata pamene wagona. Pakati pa mzere uliwonse ndi unzake paikidwe timitengo touma topyapyala, totalikirana masentimita 40, ndipo kamtengo kalikonse kakhale pamwamba peni-peni pa kanzake ka m'munsi. Pamwamba pa mulu wonse pasanjidwe njerwa kuti zitsendereze. Zibenthu zisaikidwe padzuŵa, kapena pafupi ndi malata a denga, kapena pamwamba pa moto wa kukhitchini.

Amisiri a ku Ulaya ali ndi lamulo lakale lakuti thabwa limafuna chaka chimodzi pa inchesi iliyonse ya kuchindikala kwake. Kuno kotentha madzi amatuluka msanga kuposa pamenepo, komabe mtengo wa ndodo uyenera kuona dzinja limodzi lathunthu ndi chilimwe chimodzi chathunthu usanakhudzidwe, kuti uonetse khalidwe lake pa nyengo zonse ziŵiri.

Nanga mmisiri adziŵa bwanji kuti mtengo wauma? Kuugogoda n'kumva kulira kwake kumathandiza, koma sikelo ndiyo sinama. Chibenthu chilichonse chilembedwe nambala ndi tsiku lodulira, ndipo mwezi ndi mwezi chiyezedwe pa sikelo, kulemera kwake n'kulembedwa m'kope. Miyezi yoyamba kulemera kumatsika kwambiri, kenaka pang'ono-pang'ono, ndipo potsiriza kumaima, n'kumangokwera pang'ono m'dzinja ndi kutsika m'chilimwe. Pamenepo mtengo wagwirizana ndi mpweya wa kwawo. Wofuna chiŵerengero cheni-cheni adule kachidutswa, akayeze, akaike mu uvuni wa buledi moto utazilala kufikira kataleka kupepuka, ndipo akayezenso. Ngati kanali magalamu 150 ndipo katsala 125, madzi otuluka ndi magalamu 25. Akagaŵa 25 ndi 125 apeza magawo 20 pa 100, kusonyeza kuti mtengowo ukadali kutali. Wa ndodo uyenera kufika pafupi ndi magawo 12 kapena kutsikirapo.

KUSEMA MOPUMIRA

Ngakhale mtengo utauma, sausema tsiku limodzi. Nthaŵi iliyonse puleni ikachotsa mnofu wa kunja, kukokana kwa m'kati kumasintha ndipo mtengo umasuntha pang'ono. Amisiri otchuka a ku England ndi ku America amasema mopumira. Amachotsa pang'ono, n'kuupachika mtengowo kwa masabata kapena miyezi, n'kudzachotsanso pang'ono, ndipo ena amatha zaka ndodo imodzi isanathe. Mmisiri wa kwa Kaduya, ngakhale alibe makina ozungulitsa mtengo, angathe kutsata njira yomweyo ndi puleni, pakuti ndodo zambiri zapamwamba za ku England zimapalidwa pamanja.

Ulendo woyamba achotse ngodya zinayi kuti chibenthu chikhale cha mbali zisanu ndi zitatu. Akhome kamsomali kopinda kumutu, amange chingwe, ndipo achipachike chilili m'chipinda chopanda dzuŵa. Patapita mwezi achitsitse, achiyang'ane ndi diso limodzi kuchokera kumutu monga mlenje ayang'anira mfuti, ndipo alembe ndi pensulo mbali imene chapindikira. Ulendo wachiŵiri apale mowongola, n'kuyamba kuondetsa kunsonga, koma asachotse zoposa mamilimita aŵiri kapena atatu. Atero kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse zopalidwa zizicheperachepera.

Apa m'pamene mitengo imadzisankha yokha. Wina umasuntha ulendo woyamba n'kukhazikika. Wina umabwerera kumbali yomweyo nthaŵi zonse, ndipo umenewo sudzasintha. Makolo ankawongola mikondo ndi mivi poiŵaula pamoto, ndipo mmisiri angayesedwe kuchita chimodzi-modzi, koma mtengo wowongoledwa pamoto kaŵiri-kaŵiri umakumbukira kukhota kwake chinyezi chikabwera. Wotere usagulitsidwe ngati ndodo. Usanduke mpini wa tsache, mwendo wa mpando kapena mthiko, ndipo sunatayike. Mmisiri wanzeru amaumitsa zibenthu makumi aŵiri podziŵa kuti zofika kumapeto zidzakhala zochepa, ndipo chaka chilichonse amasanja mulu watsopano kuti mtsogolo asadzasoŵe chosema.

Kuyesa komaliza kuli paŵiri. Ndodo igubuduzidwe pa tebulo la pool lomwelo kapena pa galasi: yowongoka imayenda mwakachetechete, yokhota nsonga yake imavina. Ndiponso isanjikidwe pa njerwa ziŵiri kumapeto, pakati pake n'kupachikapo botolo la madzi la malita aŵiri. Imene yaŵerama pang'ono n'kubwerera msanga botolo litachotsedwa ndiyo yabwino. Mbali yakutsogolo isapakidwe vanishi, chifukwa imamata pa zala thukuta likabwera. Amisiri a ku England amaipaka mafuta a linseed pang'ono-pang'ono n'kuipukuta ndi nsalu. Ndipo pogulitsa, mmisiri amlangize mwini tebulo kuti ndodo isatsamizidwe kukhoma usiku wonse kapena kusiyidwa padzuŵa, koma iziimikidwa chilili m'choikamo chake.

PHIRI NDI LAMULO

Nkhani ya mitengo m'boma la Phalombe singathe popanda kutchula phiri. Mkungudza wa pa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi m'chaka cha 1984, unadulidwa kufikira mitengo yaikulu inatha paphiripo, ndipo lero anthu akuvutika kubzala mbande kuti mtunduwo usazimirire. Mkungudza n'ngofeŵa, suyenera ndodo ya pool, koma mbiri yake ndi chenjezo kwa aliyense wogwira nkhwangwa. Anthu a ku Phalombe sanaiŵale Napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazana-mazana, kapena namondwe wa Freddy wa m'mwezi wa Malichi 2023. Mvula yotero palibe angailetse, koma phiri lopanda mitengo limatsitsa madzi mwaukali woposa.

Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Maiko a dziko lapansi nawo anaika malire pa malonda a mphingo kuyambira mu 2017, ndiponso a mlombwa ndi mbaŵa kuyambira mu 2023. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Motero mmisiri asagule thabwa lobwera usiku. Safunsa anadya phula: afunse kwa alangizi a za nkhalango a m'boma lake, agule kwa mwini munda wa mitengo wodziŵika, ndipo afunefune matabwa akale. Mwayi wake n'ngwakuti ndodo sifuna mtengo wambiri. Chipika chimodzi chabwino chimapereka zibenthu zokwanira chaka chonse, pamene chikanawotchedwa makala chikanatha pa masiku oŵerengeka. Ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika, kuyambira Disembala mpaka Epulo, wosema ndodo akhale woyamba kukumba maenje.

Mnyamata wa kwa Kaduya amene adzasanja zibenthu zake m'chisanu cha chaka chino sadzagulitsa ndodo chaka chino, kapenanso chaka chamaŵa. Pakali pano adye za mabenchi ndi mafelemu, aphunzire kumata tinsonga ndi kukonza ndodo zothyoka za pa msika, kwinaku akulemba manambala m'kope lake mwezi ndi mwezi. Anzake adzamseka poona mitengo ili lende m'chipinda ngati fodya m'chigafa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene ndodo yake idzapyola dzinja loyamba ili chiwongokere, eni matebulo a ku Migowi, ku Chiringa ndi kwina adzafunsa okha njira ya kunyumba kwake.